Mbale za Mpando Wachitatu

Foni inalira nditangoluma vada pav wanga, kabanzi koika mbatata yokazinga pakati, kawiri kokha, ndipo mpaka lero ndimadziimba mlandu kuti bwenzi nditamaliza kaye. Ndikanapita wokhuta, mwina mutu ukanagwira msanga.

"Insipekitala Ghorpade, thamangirani ku Lower Parel. Zibangili zagolide zasowa m'lesitilanti, ndipo eni ake akuti amadziwana ndi akuluakulu athu onse."

Onse amatero. Pa zaka zanga makumi awiri ndi zisanu za upolisi mu Mumbai muno, sindinaonepo munthu woberedwa golide amene sadziwana ndi akuluakulu.

Malowo ali mu fakitale yakale ya nsalu, pakhomo popanda ngakhale chikwangwani. Ndinazungulira kawiri ndisanalipeze khomolo. Mkati munali mozizira ngati kumochale, matebulo owerengeka, aliyense akulankhula monong'ona. Manijala anandichingamira akupotokola zala.

"Kuno mlendo sasankha chakudya, bwana," anandifotokozera tikuyenda. "Amangokhala pansi n'kumalandira mbale khumi motsatizana, chilichonse chimene wophika waganiza tsiku limenelo."

"Mbale khumi munthu mmodzi?"

"Zimakhala zing'onozing'ono."

Anandionetsa imodzi. Panali kanthu kobiriwira kofanana ndi chala chachikulu, katakhala pa mwala wakuda. Ndinafunsa ngati mwalawo nawonso amadya. Sanaseke, ndipo inenso sindimaseka ayi, ndimafunsadi.

M'chipinda chapadera munali tebulo lozungulira, ndipo ndinawerenga anthu anayi. Pakona, pafupi ndi chitseko, mayi wina wovala sari yoyera, nsalu yaitali yokulunga thupi, anakhala pa kampando kakafupi atakumbatira chikwama chachikulu. Ndinati ndi wantchito wawo, ndinamudutsa.

"Mwachedwa. Mumangeni uyo."

Amene analankhulawo anali Mayi Kokila Sanghvi, mayi wachikulire wa mawu omveka kutsidya kwa msewu. Chala chawo chinaloza bambo wa imvi amene anaima chilili pakhoma, atavala jekete yoyera, manja kumbuyo.

"Pepani mayi, tiyambe poyambira. Chasowa n'chiyani?"

"Zibangili zinayi. Golide weniweni, osati zopepuka za masiku anozi. Ine anandiveka ndi apongozi anga, iwonso anavekedwa ndi apongozi awo. Lero ndi chinkhoswe cha mwana wanga Darshit, ndimati ndimuveke mtsikanayu. Ndiye nzeru za uyu," anatero akuloza mwana wawoyo ndi chibwano, "akuti amayi, kabokosi kabwere pamodzi ndi mbale yomaliza, zikongole. Zakongolatu!"

"Munakapereka kwa ndani?"

"Kwa yemweyo, nthawi ya wani koloko. Ndinatsegula iye akuona, ndinawerenga mokweza. Pa mbale yakhumi wabwera nako atakavindikira ndi chivindikiro chasiliva, utsi tolotolo. Ndikutsegula pamaso pa apongozi atsopano, mulibe kanthu! Manyazi amenewa mungawachotse ndi sopo wanji?"

"Pa nthawi yonseyi anadzukapo ndani patebulo?"

"Palibe. Kwathu sitidzuka tikudya."

Anayang'ana wotchi. Banjalo ndi la chipembedzo cha Chijaini, chosalola kudya dzuwa litalowa, n'chifukwa chake phwando linali la masana.

"Dzuwa likalowa ine sindimeza ngakhale madzi, ndipo mankhwala anga ali kunyumba. Ikamakwana hafu pasiti faifi ndikufuna ndimuone ali m'galimoto yanu. Kupanda kutero ndiimba foni, ndipo mawa mukakhala mukuimitsa mathiraki ku Vashi."

Nthawi inali itangodutsa folo koloko.

* * *

Bambo wa jekete yoyera uja dzina lake linali Menino Furtado, wa ku Goa, zaka makumi atatu ndi zitatu akuperekera zakudya. Ndinapita naye m'kanjira ka kuseri kwa chipindacho, kopita kuchimbudzi cha alendo. Munali kabati yaitali ya madilowa, yopanda loko. Kamera munalibe, eti alendo olemera safuna kujambulidwa akupita kokadzithandiza.

"Kabokosi munakaika pati?"

"M'dilowa iyi, bwana, pansi pa tinsalu topukutira pakamwa."

"Anakuonani ndani?"

"Chitseko chinali chotsegula. Amene amayang'ana akanaona."

"Ophika amadutsa muno?"

"Ayi bwana. Chipinda ichi ndimatumikira ndekha."

Abale inu, munthu akudzimangirira yekha chingwe m'khosi, mwaulemu, ngati akundiuza za nyengo.

"Munaba ndinu?"

"Ayi bwana."

"Ndiye anadzuka ndani patebulo paja?"

Anayang'ana nsapato zake. Zinali zakale koma zopolishidwa bwino lomwe.

"Bambo Furtado, ndakufunsani."

"Ndamva, bwana. Koma za alendo sitinena."

"Mwati bwanji?"

"Zimene mlendo wachita m'chipinda zimatsala m'chipinda. Anandiphunzitsa choncho tsiku loyamba, ndili ndi zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi. Ndaonapo anthu akulira, akusudzulana, ena atabwera ndi akazi osakhala awo. Sindinanenepo."

"Mukudziwa kuti ndikakutulutsani pakhomo paja ndi unyolo, ngakhale khoti lidzakumasuleni, palibe lesitilanti m'tauni muno imene idzakulembeni ntchito?"

"Ndikudziwa, bwana. Mawa lomwe nkhani ikhala itafika mpaka m'malesitilanti a ku Colaba. Ine ndilibe nyumba, ndilibe munda. Chimene ndili nacho ndi dzina langa basi."

"Ndiye lankhulani!"

"Pepani, bwana. Mungakonde madzi akumwa?"

Ndinatsala pang'ono kumuwaza khofi. Wakuba amanama, wosalakwa amalira n'kumaloza anzake. Uyu samanama, samalira, samaloza. Sindinadziwe pomugwira.

* * *

Darshit, mwini chinkhoswe, anali munthu woti foni siichoka m'manja.

"Bwana Insipekitala, ine ndili ndi umboni wonse. Mbale iliyonse ndinaijambula, ndipo chithunzi chilichonse chili ndi nthawi yake. Onani iyi, yachitatu, ndi dhokla, chigumu chathu chija, koma anaisandutsa thovu. Mwaona kuwalako? Iyi yachisanu ndi ayezi wa mango aawisi, imasungunuka musanaphethire. Iyi..."

"Ndikufuna anthu, osati thovu."

Anandionetsa za anthu. Iye ndi mayi ake. Iye ndi Dhwani, mtsikana wotomeredwayo. Dhwani ndi bambo ake. Onse anayi akumwetulira. Palibe chithunzi chimene chinaonetsa mpando wopanda munthu.

"Palibe anadzuka?"

"Ndikanaona, bwana. Ine ndimaona chilichonse."

Bambo a Dhwani, a Hasmukh Vora, ogulitsa mapaipi ku Masjid Bunder, anandikokera pambali n'kunong'ona.

"Achimwene, inu mukuoneka munthu womvetsa zinthu. Ine chidyereni mbale khumi zija njala ikundipotokola. Amabwera ndi kanthu ngati batani la malaya, n'kuyamba kukalalikira mphindi zitatu, akuti kachokera kuphiri lakuti, anakathyola ndi mayi wakuti. Ine ndimangodikira chakudya chenicheni, mpaka ndinaona akubweretsa zotsekemera. Kudzuka? Ndikanadzuka bwanji, ndimaopa kuti mwina mpunga ubwera ine kulibe."

Dhwani anayankha motsitsa mawu, maso ali pansi. Anati masana onse amangoyang'ana mbale yake poopa kuphonya ulemu pamaso pa apongozi. Sanaone chilichonse.

Mboni zinayi, mawu amodzi. Dilowa yopanda loko, munthu mmodzi woifikira. Tinasecha m'matumba a Menino, m'loka yake, m'nsapato momwe, osapeza kanthu. Komabe aliyense wa ku polisi kwathu akanamutenga n'kupita kukamwa tiyi. Chimene chimandivuta ine n'chakuti wakuba wanji amanyamula yekha kabokosi kopanda kanthu n'kukakatula pamaso pa mwini wake, ndi utsi womwe?

Ndinalowa m'khitchini kuti mwina golideyo anatulukira kumeneko.

* * *

"Imani pomwepo! Musagwire kanthu, musatsamire kanthu, ndipo chipewacho chikhale m'khwapa."

Anali Havovi Bhathena, mkulu wa ophika, mayi wamfupi wa mtundu wa Chiparsi wokhala ndi zipsera za moto mikono yonse. Kumbuyo kwake anthu khumi amaika timasamba pa mbale ndi tozipanira ting'onoting'ono ngati madokotala.

"Mukamanga Menino mumangenso ine," anatero. "Munthu uja anabwezapo mphete ya dayamondi imene mwini wake sanadziwe n'komwe kuti wataya. Mwabwera kudzafuna chiyani?"

"Ndikufuna kudziwa ngati wina anadzuka patebulo lija. Onse akuti palibe."

"Akunama, kapena ndi akhungu."

Anatsomphola kapepala kamene kanapachikidwa pa shelefu yotulutsira mbale, n'kundibaya nako pachifuwa. Kanali kodzaza manambala ndi timizere, ine osatolapo kanthu.

"Mwakagwira chozondoka, bambo apolisi. Onani apa. Mbale iliyonse ikatuluka timalemba nthawi. Yachinayi inatuluka thu koloko itadutsa ndi mphindi zisanu. Yachisanu imayenera kutsatira pakatha mphindi khumi. Yatuluka liti? Patatha mphindi khumi ndi zisanu ndi ziwiri. Kamzere kofiiraka kakutanthauza kuti Menino anabwera kudzati imani kaye."

"Chifukwa?"

"M'nyumba muno mbale siituluka ngati mpando wina uli wopanda munthu. Onse amalandira limodzi, apo ayi onse adikire. Lamulo limenelo silithyoka, kaya abwere ndani. Ndiye ayezi wanga wa mango anasungunuka ndikumuyang'ana. Ndinataya mbale zonse zisanu n'kuyambiranso."

"Zinayi," ndinamukonza.

"Zisanu."

"Anthu alipo anayi, mayi. Ndawafunsa onse."

Anandiyang'ana ngati ndagwetsera chipewa m'msuzi.

"Anayi? Ine ndaphikira anthu asanu."

* * *

Mutu unaima. Ndinawerenganso ndi zala: mayi, mwana, mtsikana, bambo ake. Wachisanu ndani? Wathawa? Walowera kuti?

Havovi anatembenuza kapepala kaja. Kuseri kwake Menino analemba ndi pensulo, monga amachitira pa tebulo lililonse kuti mbale zisasokonekere. Mpando woyamba, mayi aakulu, tsabola pang'ono. Wachiwiri, bambo wa foni. Wachitatu, mayi wa sari yoyera.

Manyazi anandigwira mpaka m'makutu munatentha. Mayi uja wa pakona, wokumbatira chikwama. Ine wapolisi wa zaka makumi awiri ndi zisanu, ndinamudutsa ngati ndikudutsa ambulera.

"Ndi mpando umenewo umene unali wopanda munthu?"

"Womwewo. Ndipo mukamufunsa, mumufunsenso kuti chakudya changa chinamulakwira chiyani."

"Bwanji?"

"Mbale iliyonse ikabwerera ndimaiyang'ana ndekha, ndiyo ntchito yanga. Zinayi zoyamba za mpando wachitatu zinabwera zoyera ngati zotsuka, mtima wanga unasangalala. Kuyambira yachisanu mpaka yakhumi, sanakhudze. Ngakhale kunyambita. Yachisanu ndi chimodzi timadya ndi zala, ndiye timapereka kansalu kofunda kopukutira m'manja. Kake kanabwerera kali chipindire. Masana onse ndakhala ndikulawa misuzi yanga, kuti kodi mchere wachuluka? Kodi wina wagwetseramo adyo kapena anyezi anthuwa sadya? Palibe!"

Apa m'pamene zinandisokoneza zenizeni. Ndaona akuba ambiri pa moyo wanga, ndipo njala yawo siithawa. Wakuba wanzeru amadya bwinobwino kuti asaonekere. Nanga uyu kusiyiranji kudya?

"China n'chiti chachilendo?"

"Mafuta a mkaka. Pakati pa yachisanu ndi chimodzi ndi yotsatira, Menino anapempha kambale ka mafuta a mkaka osungunula, ka mpando wachitatu. Palibe chakudya changa chimene chimafuna mafuta apadera, ndinamukalipira. Anangoti chonde. Nakonso kanabwerera kosakhudza."

Ndinati eya, ndawagwira! Agwirizana awiriwa. Mayiyo waba, waponya golide m'mafuta, Menino watulutsira kukhitchini. Ndinalamula kuti andionetse kambaleko. Kanali ngati chitsekerero cha botolo, koti ngakhale ndolo singamire.

Sindinagonje. Ndinavula jekete n'kupisa manja m'bini ya zotsala, ophika khumi akundiyang'ana mwachisoni. Ndinapeza makoko a mango, thovu lakufa ndi mwala umodzi wakuda. Wotchi inati faifi koloko yadutsa ndi mphindi khumi.

Ndinapita pa sinki manja ali noninoni ndi mafuta. Ndikupaka sopo, mphete yanga yaukwati, imene yakhala yosavuka chinenepereni ine, inangoti pululu, n'kugwera m'sinki. Ndinaitola, n'kuima pomwepo madzi akutayika.

Ndinakumbukira mkazi wanga Sunanda ali ndi pakati pa mwana wathu woyamba. Manja anatupa, zibangili zinakana kutuluka, analira usana wonse. Sopo analephera. Chimene chinathandiza ndi mafuta ophikira.

* * *

Menino ndinamupeza ali chiimire pomwe ndinamusiya.

"Mafuta aja munaperekeranji? Sanapemphe."

"Ntchito yathu ndi kuona mlendo asanapemphe, bwana."

"Munaona chiyani?"

Anayang'ananso nsapato zake zija.

"Munadziwa kuti kabokosi mulibe kanthu. Munakatengeranji?"

"Mbale yomaliza ndinaichedwetsa mmene ndikanathera. Kenako alendo anaitanitsa." Anandiyang'ana m'maso koyamba. "Mlendo akaitanitsa timabweretsa, bwana."

"Ndikufunsani komaliza. Munena kapena ayi?"

"Ayi bwana."

Kuti ndimuseche mayiyo pamafunika wapolisi wamkazi, ndipo nthawi inali itatha. Komanso kunena zoona, sindinafune kumuvundukula ngati mtolo wa katundu wakuba pamaso pa anthu amene masana onse sanamuone n'komwe. Ndinasankha njira ina, yoipanso, ndipo ndinadana nayo ndisanaiyambe.

Ndinalowa naye Menino m'chipinda muja n'kutulutsa unyolo, kuuliza dala kuti aliyense amve.

"Mayi Sanghvi, mwapambana. Ndikupita naye. Kuba katundu wotere ndi zaka zingapo kundende, ndipo pa msinkhu wakewu kaya adzatulukako. Bambo Furtado, manja."

Ndimaganiza kuti mwina apa alankhula. Ayi ndithu. Anakonza kolala ya jekete, n'kutambasula manja onse awiri. Chitsulo chitangokhudza khungu lake, ine thukuta linali litatsika kale kumsana, chifukwa ndikanakhala kuti ndalakwitsa, kubwerera kunalibe.

"Musatero."

Mawuwo anachokera pakona. Onse anatembenuka modabwa, ngati kabati yalankhula.

Mayi wa sari yoyera uja anaika chikwama pansi n'kuimirira. Anali wa zaka za m'ma makumi atatu, wooneka wotopa. Anachotsa nsonga ya sari imene inaphimba dzanja lake lamanja, ndipo m'chipinda monse munamveka kulira kwa golide. Zibangili zinayi zinali pamkono, pamwamba pa dzanja lofiira, lotupa, losupuka pa mfundo ya chala chachikulu.

"Alamu!" anafuula Darshit.

"Iwe!" Mayi Kokila anadzuka. "Wavala? Iweyo? Vula msanga!"

"Sizikuvuka, amayi. Ndayesa."

"Dzina lanu ndani, mayi?" ndinafunsa, buku lili m'manja.

Anachita ngati waiwala kuti funso lotere limayankhidwa bwanji.

"Krupa. Ndine mkazi wa malemu achimwene ake a Darshit."

Sanalire. Analankhula pang'onopang'ono, akuyang'ana dzanja lakelo.

"Zibangili izi amayi anandiveka ine zaka khumi ndi chimodzi zapitazo. Ndinazivala zaka zisanu osavula. Tsiku limene amuna anga anamwalira, thupi likadali m'nyumba, anandikhazika pansi n'kuzivula okha. Sindinakane, ndi mwambo wathu. Lero ndikupita kuchimbudzi ndinaona dilowa ija. Ndinangofuna ndizione, kenako ndinati ndizivale kamphindi kamodzi, nditsanzikane nazo. Zinalowa movuta. Potuluka zinakana. Manja anga si aja akale, zaka zisanu ndi chimodzi ndikuchapa ndi kukanda ufa m'nyumba mwanu. Ndinapaka sopo mpaka khungu linasupuka."

Anatembenukira kwa Menino.

"Nditabwerera, bambo awa anali atapinda kansalu kanga bwinobwino, n'kundikokera mpando. Anaona dzanja langa. Kenako anandiikira mafuta pambali, osanena kanthu. Koma ndikanapaka bwanji, amayi ali pafupi nane? Ndinaopa. Kabokosi katatsegulidwa ndinaopa koposa. Ndakhala pakona apo maola awiri ndikumva akukutchulani wakuba. Mundikhululukire, bambo."

"Palibe chokhululuka, mayi," anatero Menino.

"Koma alamu, munadzuka nthawi yanji?" anafunsa Darshit akuyang'ana m'foni mwake. "Ine sindinaone."

"Sunaone, Darshit. Ndinachoka mphindi zisanu ndi ziwiri."

* * *

Mayi Kokila anayang'ana a Vora, n'kuyang'ana chitseko, kenako nkhope inasintha.

"Insipekitala, palibe mlandu. Ndi nkhani ya m'banja. Tikaitana wosula golide adzazidule. Darshit, galimoto."

"Mlandu ulipo umodzi, mayi," ndinatero. "Mwamutchula munthu uyu wakuba pamaso pa abwana ake. Munene pamaso pa abwana omwewo kuti si wakuba, ndipo musayine apa."

Anandiyang'ana ngati andimeze. Koma a Vora anali pomwepo akumvetsera, ndiye ananena, mawu akutuluka ngati akuzula dzino. Anasayina. Menino sanamuyang'ane n'kamodzi komwe.

"Zisadulidwe."

Anali Dhwani, amene masana onse sanakweze maso. Anakweza dzanja lake laling'ono kuti onse aone.

"Ine zikanangondigwa, amayi. Zikhale pomwe zakanirira."

A Vora anatsokomola kwambiri, koma sanamutsutse mwana wawo.

"Ndiye kuti chakudya changa chinalibe vuto?"

Havovi anali ataima pakhomo, manja m'chiuno. Kaya anafika nthawi yanji.

"Chinali chokoma kwambiri," anayankha Krupa. "Sindinadyepo zotere. Ndinali ndi njala, koma dzanja ndikanalitulutsa bwanji?"

Havovi anasuzumira pazenera. Dzuwa linali litatsamira pa chumuni cha fakitale.

"Kwatsala theka la ola lisanalowe. Mbale zanu zisanu ndi imodzi zikubwera, mwalipira kale. Khalani pa mpando wanu." Kenako anayang'ana ena onse amene anali ataimirira, zikwama m'manja. "Koma lamulo la nyumba ino mukulidziwa. Mbale siituluka mpando wina uli wopanda munthu."

Dhwani anakhala pansi woyamba. Bambo ake anatsatira akufunsa ngati pangapezekeko kampunga. Darshit anayang'ana mayi ake, n'kuyang'ana mtsikanayo, n'kukhala, foni n'kuiika chafufumimba patebulo. Mayi Kokila anatsala okha chiimire. Makiyi a galimoto anali m'thumba la Darshit. Ndinawerenga m'mtima mpaka makumi awiri, kenako mpando unakokedwa mwaukali.

Menino analowa ndi mbale imodzi yokha. Inkagogoda pa thireyi, ndipo manijala anandinong'oneza kuti chiyambireni sanamvepo mbale ikulira m'manja mwa munthu ameneyu. Anaitula pa mpando wachitatu, n'kuwerama pang'ono.

"Mayi Krupa, uyu ndi ayezi wa mango aawisi, ndi mchere wakuda pang'ono. Musachedwe naye, amasungunuka."

Krupa anatambasula dzanja n'kutenga supuni. Zibangili zinagunda m'mphepete mwa mbale, ndipo nthawi imeneyi aliyense anamva.

Ndinatuluka kukavala jekete yanga. M'kanjira kaja ndinapeza Menino atakhala pansi penipeni, msana utatsamira kabati, akusisita pamene unyolo unakhudza.

"Bwana, mkazi wanga asadzamve kuti ndinatambasula manja. Ali ndi vuto la mtima."

"Nanga mayi uja akanapanda kuimirira?"

"Ndikanapita nanu." Anapukuta m'maso ndi kuseri kwa dzanja. "Koma ndinachita mantha, bwana. Ndinachita mantha kwambiri."

Ndinafuna kumupepesa. Kukhitchini kunalira kabelu. Menino anagwira kabati, anadzuka, anakonza jekete yake, n'kupita kukatenga mbale yachisanu ndi chimodzi.